Tsiku Limene Amayi Anapeza Kwawo

Amayi anga anayamba kuiwala pang'onopang'ono, moti ife a m'nyumba tinachedwa kuzindikira. Poyamba zinali zoseketsa. Ankafunafuna mpango uli kumutu kwawo, kapena kuthira mchere kawiri m'ndiwo kenako n'kumandikalipira ine kuti dzanja langa ndi lolemera. Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumayenda pansi pamene pankadutsa mabwato, m'pamene tinaona kuti uwu sunali ukalamba wamba. Tsiku lina ndikupeta mpunga pakhonde anandiyang'anitsitsa, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Kodi inu kwanu n'kuti?" Ine ndinaseka, koma iwo sanaseke.

Kuchipatala ku Zomba anatiuza kuti ndi matenda a muubongo amene amagwira anthu ena akakalamba, kuti mankhwala ochiza palibe, chofunika n'kuwasamala basi. Kumudzi kwathu ku Kuntumanji anthu anali ndi matanthauzo awoawo. M'mamawa wina amayi anapezeka ataima kuseri kwa nkhokwe ya eni ake, atangofunda chitenje chimodzi, ndipo nkhani inayenda mudzi wonse. Palibe amene anatchula za ufiti pamaso panga, koma ana a anzathu anasiya kudutsa pabwalo pathu, ndipo kumjigo nkhani inkaduka ine ndikangotula ndowa.

Kenako mawu anayamba kuwathera. Maina a zinthu anawasowa, n'kumangoloza ndi chala. Patapita nthawi ngakhale kulozako anasiya. Ankangokhala pamkeka patsinde pa mtengo wa mango, manja ali pamiyendo, maso ali kunjira. Ukawapatsa chakudya ankadya, ukawasambitsa sankakana. Munthu amene kale ankayambitsa nyimbo kutchalitchi, amene kukalipa kwake kunkamveka mpaka kudimba, anangoti zii kwa zaka pafupifupi ziwiri.

Mwamuna wanga ndi msodzi, nthawi zambiri amakhala ku Kachulu ndi kunyanja. Ine ndimagulitsa matemba ouma pa Songani masiku a msika. Tili ndi ana awiri. Wamkulu ndi mtsikana, nthawiyo anali sitandade eyiti. Wamng'ono ndi mnyamata, anali atangoyamba kumene sukulu. Ine ndikapita kumsika, wosamala anganga ake anali mtsikanayo, ndipo masiku ambiri sukulu ankajomba pa chifukwa chimenecho. Sankadandaula. Iye ndiye ankadziwa kuwasambitsa mosawaopsa, ndiponso kuwamwetsa phala akalumanitsa mano.

Chakumtunda kwa dera lathu, pambali pa msewu wafumbi wopita ku Songani, anthu ena anali atamanga kamudzi kosonyeza mmene makolo ankakhalira kale. Tinkangokatcha kuti mudzi wa makolo. Munalibe wogonamo. M'mawa kunkabwera anthu olembedwa ntchito, n'kuvala zakale, n'kumagwira ntchito zakale, alendo n'kumaonerera. Aphunzitsi a mwana wanga wamkazi anakonza zoti kalasi yonse ikaone. Iye anachapa yunifolomu, n'kuisita ndi simbi ya makala dzulo lake. Koma tsikulo linagwera pa tsiku la msika, ndipo amayi anadzuka atatsekula m'mimba. Nsomba ndinali nditamanga kale. Mwanayo anandiyang'ana, anayang'ana anganga ake, kenako anavula yunifolomu n'kuipachika pamsomali.

Madzulo ake ndinamupeza kumjigo ataima kumbuyo kwa anzake, akumvetsera iwo akulimbirana kufotokoza zimene anaona. Ndowa yake inali itadzaza kalekale, madzi akungotayika. Pobwerera ndinamuuza kuti, "Loweruka likudzali tipita tonse."

"Nanga anganga atsala ndi ndani?" anafunsa.

"Tipita nawo."

Alamu anga, mng'ono wa mwamuna wanga, ali ndi kalole konyamula nsomba kupita nazo ku Songani. Anavomera kutisiya panjira m'mawa n'kudzatitenga pobwerera. Amayi tinawaveka diresi lawo la kutchalitchi ndi nsapato za pulasitiki, tinawakhazika kutsogolo pakati pa ine ndi alamu, ana n'kukwera kumbuyo pamwamba pa matumba. Njira yonse amayi anangogwira dzanja langa osayang'ana kunja.

Kamudziko kanali kozunguliridwa ndi mpanda wa bango. Mkati munali nyumba zozungulira, zofolera udzu mpaka kutsikira pansi, zitseko zake zabango. Panali nkhokwe, khola la nkhunda, bwato lakale long'ambika pansi, ndi miono ya nsomba yopachika pamtengo. Anatilandira ndi bambo wina wovala chiwondo, nsalu ija yopangidwa ndi khungwa la mtengo, ndipo anatiphatikiza ndi banja lina lochokera kutauni limene linabwera pa galimoto lawo.

Mwana wanga wamng'ono anachita ngati wamasulidwa pachingwe. Anathamangira kwa mkulu wina amene ankapekesa moto ndi timitengo tiwiri, n'kupempha kuti ayeseko. Anapekesa mpaka zikhatho kufiira, utsi osatuluka. Anapita kwa wosula makasu, anamulola kupopa mvukuto, makala atayaka iye n'kulumpha ndi chimwemwe. Anafuna kudziwa ngati diwa limagwiradi mbewa, ngati ana akale ankapita kusukulu, ndiponso ngati chiwondo sichiyabwa. Mlongo wake ankaseka, koma ankayenda pang'onopang'ono kumbuyo, atagwira anganga ake pamkono. Zambiri zimene bambo uja ankafotokoza iye sanamve, chifukwa gulu linkamusiya.

Titafika chapakati pa kamudziko, amayi anaima. Mwanayo anawakoka pang'ono, iwo osasuntha. Pakhonde la nyumba ina yakumapeto panali mayi wina wa msinkhu wanga, atagwada akupera mapira pamphero. Nayenso anavala chiwondo, mkanda woyera m'khosi, ndipo m'masaya anali atajambulamo mphini ndi makala. Amayi anga anali ndi mphini zenizeni, zotema ali mwana, zimene ukalamba unali utazibisa m'makwinya.

Anachotsa dzanja la mdzukulu wawo, n'kuyamba kuyenda okha. Sanakhwekhwereze miyendo monga ankachitira kunyumba. Anayenda mwachangu, msana utawongoka pang'ono. Atafika pakhonde paja anavula nsapato, anawerama kulowa pansi pa tsindwi osagunda mutu, n'kuyankhula.

Ndinamva mawu awo ndisanakhulupirire kuti ndi awo. Anali osasa, koma anali omwe aja. Ndipo sichinali Chinyanja chathu. Chinali Chilomwe.

Mayi wapamphero uja anadzidzimuka, anasiya kupera, kenako anayankha m'chiyankhulo chomwecho. Amayi anaomba m'manja, n'kuseka. Anakhala pansi pafupi naye, anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, mawu n'kumangotuluka ngati madzi a mumtsuko woboola.

Mwana wanga wamng'ono anabwera akuthamanga, n'kundikoka chitenje. "Amama! Anganga akuyankhula! Kodi amatha kuyankhula?"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti iye sankakumbukira liwu la anganga ake. Anamubereka kumbuyo ali khanda, anamuimbira, koma nzeru zake zinabwera iwo atakhala kale chete.

Zimene ndinkadziwa za ubwana wa amayi zinali zochepa. Anabadwira kutsidya la nyanja, ku Mozambique, ndipo anabwera kuno ali kamtsikana pamodzi ndi makolo awo. Bambo anga sankamva Chilomwe, komanso masiku amenewo woyankhula Chilomwe pagulu ankasekedwa. Choncho amayi anatilera m'Chinyanja. Ine ndinangotolapo mawu owerengeka, makamaka okalipira mwana. Tsopano ndinaima pafupi ndi mayi wondibereka, akuyankhula kwa nthawi yoyamba patapita zaka, ine osamva kanthu.

Amayi anamusuntha mayi uja pang'ono ndi chigongono, n'kugwada pamphero. Anatapa mapira, anagwira mwala wopererawo, thupi lonse n'kumapita kutsogolo ndi kumbuyo. Ufa unayamba kugwera mulichero. Kenako anayambitsa nyimbo, mayi uja n'kumavomera motsitsa mawu.

Banja lakutauni lija linamva nyimbo, linabwera. Iwo sankadziwa kuti amayi tinabwera nawo ife. Bambo wa banjalo anaomba m'manja n'kunena kuti, "Agogo awa ndiye katswiri pa onse muno. Koma akanawaveka chiwondo." Mkazi wake anatulutsa foni n'kuyamba kujambula, akuuza ana ake kuti akakhale pambali pa agogowo. Sankachita mwachipongwe ayi.

Mwana wanga wamkazi ndiye anaima pakati pa foni ndi mphero. Anati, "Pepani, awa si a pano. Ndi anganga anga. Amadwala." Mayi wakutauniyo anatsitsa foni, anapepesa, ndipo anatenga ana ake kupita kukaona ovina tchopa amene ankakonzeka kubwalo. Mwana wanga wamng'ono, yemwe sabata yonse ankangokamba za tchopa, sanapite nawo. Anakhala pansi pafumbi, chibwano m'manja, n'kumayang'ana anganga ake.

Ndinanong'oneza mayi wapamphero uja. "Achemwali, chonde, akuti chiyani?"

"Ndi mayi anu?"

"Eya."

"Simumva Chilomwe?"

"Ayi."

Anandiyang'ana mwachisoni. "Akundiyesa mkulu wawo. Akuti, ndabwera achemwali, ndinachedwa chifukwa madzi anali ambiri. Akufunsa ngati ndinawakwiyira."

"Amayi analibe mkulu wawo wamkazi," ndinatero.

Mayiyo anatembenuka n'kuwafunsa kanthu mofatsa. Amayi anayankha nthawi yaitali, manja osasiya kupera. Iye ankamasulira pang'onopang'ono. Akuti tsiku limene banja linanyamuka kudza kuno, mkulu wawoyo anatsala chifukwa anali atangokwatiwa, ndipo anali ndi pakati. Anawaperekeza mpaka pamadzi, n'kuwamangirira makaka, chinangwa chouma chija, pakansalu. Amayi analonjeza kuti adzabwera kudzalera mwanayo akabadwa. Tsopano ankafunsa kuti mwana uja ali kuti, ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Ine ndinali ndi zaka zopitirira makumi anayi, koma nkhani imeneyo ndinali ndisanaimvepo. Agogo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi sanatchulepo n'kamodzi komwe kuti kutsidya anasiyako mbale.

"Ndiwayankhe bwanji?" mayiyo anandifunsa.

"Auzeni chilichonse chowasangalatsa."

Anawauza kuti ndi wamkazi, ndipo wapita kumadzi. Amayi analulutira.

Kenako anatiyang'ana ife atatu, n'kunena kanthu mokalipa pang'ono. Mayi uja anaseka, koma maso ake anali atanyowa. "Akuti bwanji alendo takhazika pafumbi. Akuti ndiyale mphasa."

Amayi analowa okha m'nyumbamo, anatuluka ndi mphasa, n'kutiyalira pamthunzi. Pamafuwa panali mphika wa kalongonda, nyemba zija zimene zimawira tsiku lonse kuti zidyeke, wophikira alendo kuti alawe. Anavundukula, anatola imodzi, anaifinya ndi zala, n'kugwedeza mutu kuti yapsa. Anatunga madzi ndi chikho, anagwada pamaso panga monga mmene mtsikana amagwadira mlendo wamkulu, n'kundisambitsa m'manja. Ndinkafuna kuwadzutsa, koma mwana wanga wamkazi anandigwira pabondo kuti ndiwaleke. Madzi aja anandithira mosamala, osadontheza pachitenje changa. Anasambitsanso ana, n'kutipakulira m'mbale yadothi.

Wamng'onoyo sakonda zakudya zachilendo, koma anadya mpaka kunyambita zala. Amayi anamuyang'ana akudya, n'kumuwonjezera. Iye anati, "Zikomo anganga," mokweza, ngati woyesa ngati angamuyankhe. Anamuyankha m'Chilomwe, n'kumutsina tsaya.

Mtsikanayo ndiye anawasangalatsa kwambiri. Anamukhazika pakati pa miyendo yawo, anamasula kampango kake, n'kuyamba kumupesa tsitsi ndi zala. Tsiku ndi tsiku iye ndiye ankawapesa. Anangokhala phee, maso atatseka. Amayi anafunsa kanthu.

"Akufunsa kuti mwana wokongolayu ndi wa ndani," mayi uja anatero.

"Auzeni kuti ndi wa mwana wawo," ndinayankha. "Auzeni kuti mwana wawoyo ndine."

Anawauza. Amayi anaseka mpaka kugwira pamimba, n'kuyankha akundiloza.

Mayiyo anazengereza, koma ndinamukakamiza. "Akuti mlendoyu ndi wanthabwala. Akuti iwo angakhale bwanji ndi mwana pomwe sanathe n'komwe msinkhu."

Ndinaseka nawo kuti ana asaone. Kenako ndinanyamuka ngati ndikupita kuchimbudzi, n'kukaima kuseri kwa khola la nkhunda. Ng'oma za tchopa zinali zitayamba kubwalo, choncho palibe amene anandimva.

Tsiku lonse tinathera pakhonde limenelo. Zina zonse za m'kamudziko sitinaone. Amayi anasesa pabwalo ndi tsache, anatsuka mbale, anaphunzitsa mdzukulu wawo kagwiridwe ka mwala wamphero akumumenya pang'ono padzanja akalakwitsa. Alendo ena akafika, mayi uja ankawafotokozera za mapira mwachidule n'kuwatumiza kwa wosula makasu. Bambo wotilandira uja anabwera kudzaona chimene chikuchitika, atamva anangogwedeza mutu n'kutisiya.

Dzuwa litapendeka, kamudzi kanayamba kutha. Wopekesa moto uja anavula chiwondo n'kuvala malaya a timu ya mpira. Ovina ananyamula ng'oma kukatsekera. Wina anathira madzi pamoto wa wosula. Panja pa mpanda alamu anga anaimba hutala.

"Amayi, tiyeni tizipita kunyumba," ndinatero, nditanyamula nsapato zawo.

Anandiyang'ana ngati mlendo amene wadya wakhuta ndiye wayamba mwano. Analowa m'nyumba muja, n'kukhala pansi atatsamira mzati wapakati. Mdzukulu wawo analowa kukawanyengerera, iwo anakumbatira mzatiwo ndi manja onse.

Mayi wapamphero uja anali atatulutsa kale jumbo ya zovala zake, ndi madzi oti asukusule makala aja kumaso. Ataona zimenezi anabweza madziwo. "Dikirani," anatero. "Ndisavule kaye. Mukulowera kuti?" Nditamuuza anati, "Kwathu n'komweko, ndimatsikira pamphambano ya pachigayo. Ndikwera nanu."

Analowa m'nyumbamo, anasenza mtsuko wopanda kanthu, n'kuwayankhula. Amayi anasiya mzati, anatenga chikho, n'kumutsatira. Anawauza kuti akupita kumadzi kukamuchingamira mwana uja. Anatuluka pachipata atatsogozana, wina m'chiwondo wina m'diresi la kutchalitchi, onse opanda nsapato. Mtsuko anausiya kwa mlonda amayi atayang'ana kumbali.

Tonse tinakwera kumbuyo kwa kalole, pa matumba opanda kanthu onunkha nsomba. Amayi anakhala atatsamira phewa la mayiyo, atagwira nsonga ya chiwondo chake, akuyankhulabe. Ine ndinkawerama n'kumayang'ana msewu, ndikudziwa kuti mphambano ija ikuyandikira.

Alamu ataimitsa galimoto, mayiyo anayesa kuchotsa zala za amayi pachiwondo chake chimodzichimodzi. Anawauza kanthu mofatsa, anatsika, n'kutenga jumbo yake. Galimoto itangoyamba kuyenda amayi anazindikira. Anakuwa mawu amene sindinamvepo kwa munthu wamkulu. Anaimirira kuti adumphe, ndipo mwana wanga wamkazi anawagwira m'chiuno, onse n'kugwera pa matumba. Anamumenya kumaso, anamuluma pamkono, iye osasiya. Ine ndinagwira miyendo. Wamng'onoyo anakadzipanikiza pakona akulira, atatseka makutu. Kumbuyo, m'fumbi, mayi uja anaima pamphambano atanyamula manja pamutu, mpaka tinakhota.

Amayi analira mpaka mphamvu zinawathera. Titatsala pang'ono kufika, mwana wanga anayang'ana pamkono pake pamene panatsala mabala a mano, n'kunena motsitsa kuti, "Amama, tikanangowasiya konkuja."

"Kulibe wogonako, mwanawe. Si mudzi weniweni."

"Ndikudziwa," anayankha.

Masiku otsatira amayi anapitiriza kuyankhula, koma m'Chilomwe chokhachokha. Ankadzuka m'mawa, kumanga zitenje zawo pakamtolo, n'kukakhala m'mbali mwa njira. Aliyense wodutsa ankamuimitsa n'kumufunsa kanthu. Ana a m'mudzi ankathawa. Ife m'nyumba tinkangovomera kuti eya, osadziwa chimene tikuvomera. Mwana wanga wamkazi anayesa kuloweza mawu ena kuti akafunse anthu kutchalitchi, koma akafika nawo anali atapotoka kale, palibe ankawazindikira. Ndinakapempha mkulu wina wa m'mudzi woyandikana nawo amene amadziwa Chilomwe kuti adzatimasulire. Anabwera, koma amayi ataona mwamuna wachilendo anafunda chitenje kumutu n'kukhala chete mpaka iye anatsanzika.

Wamng'onoyo ankakonda kukakhala nawo panjirapo akaweruka kusukulu. Iwo ankayankhula chawo, iye chake. Ankawauza za aphunzitsi, za mpira, za galu amene anaba nsomba pathandala. Nthawi zina onse ankaseka, aliyense chifukwa chake.

Ndinalonjeza ana kuti tidzapita nawonso. Ndinkafunadi kutero, ngakhale ndinkaopa ulendo wobwerera. Koma mvula inayamba msanga chaka chimenecho, ndipo inagwa yoopsa. Nyanja imene inaphwa chaka chija inadzaza mpaka kulowa m'minda ya mpunga, timilatho tinakokoloka, kalole ka alamu kanakhala masabata osayenda. Tinamva kuti kumudzi wa makolo nyumba zingapo zinagwa, ndipo atseka kaye. M'nyengo yomweyo mawu a amayi anayambanso kuchepa. Kamtolo kaja anasiya kumanga. Anabwerera pamkeka wawo, pakhonde tsopano chifukwa cha mvula. Kenako chinabwera chifuwa, ndipo mpunga usanache tinawaika m'manda.

Pamaliro ndinafunsa achibale onse achikulire ngati ankadziwa za mkulu wa amayi amene anatsala kutsidya. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi wobadwira kuno, anati ali mwana anamvapo agogo akulira munthu wina nthawi ya kukolola, koma sanauzidwe kuti ndi ndani. Dzina lake palibe ankalidziwa, ngakhale mudzi umene anatsalako. Wina anati mwina zinali za matenda chabe. Ine sindikhulupirira choncho.

Mwana wanga wamkazi sanakhoze mayeso chaka chimenecho. Anabwereza, ndipo ulendo wachiwiri anasankhidwa kupita kusekondale yoyendera. Masabata oyamba maliro atatha ankadzukabe m'mamawa kutereka madzi osamba, kenako n'kuima pamoto osadziwa woti amusambitse.

Miyezi ingapo itadutsa, ndili pamalo anga pa Songani, ndinaona mayi wina akuyala tomato tsidya lina la njira. Anavala bulauzi yofiira ndi chitenje wamba, kumaso kopanda mphini, moti ndinatenga nthawi kuti ndimuzindikire. Ndinasiyira nsomba mnzanga, n'kuwoloka.

"Achemwali, mukundikumbukira?"

Anandiyang'ana, kenako anaika tomato pansi. "Inu a agogo aja! Ali bwanji?"

Ndinamuuza. Anakhala pachidebe chake. Anati kamudzi kaja sikanatsegulidwebe, n'chifukwa chake anayamba geni. Anati usiku wa tsiku lija sanadye, ndipo mwamuna wake atamufunsa analephera kufotokoza.

Ndinali ndi funso limene ndinalisunga nthawi yonseyo. "Tsiku lija amayi anayankhula zambiri. Inu munandimasulira zochepa. M'galimoto muja ankanena chiyani? Anatchulapo dzina la mkulu wawoyo, kapena mudzi wawo?"

Anayang'ana pansi, akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje. "Achemwali, ndisakunamizeni. Chilomwe changa n'chochepa. Ndinachitola kwa agogo anga ndili mwana, n'chokwanira moni, nyimbo ziwiri zitatu, ndi kufotokozera alendo za mphero. Cha mayi anu chinali chakuya, chakutsidya chenicheni. Za mkulu wawo, za pakati, za makaka, zimenezo ndinamva bwino. Koma zambiri zinkandidutsa. Maina anatchuladi, ambiri, koma sindinadziwe kuti la munthu ndi liti, la mudzi ndi liti. Ndinkangovomera kuti asaleke."

Ndinamuuza kuti anachita bwino, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Anafunsa za mtsikana wolumidwa uja, ngati bala linapola, ndinati linapola. Anafunsa za kamnyamata kokonda kalongonda. Kenako anasankha tomato wamkuluwamkulu n'kundiikira m'jumbo kuti ndikapatse ana. Ndinawolokanso, ndinamutapira matemba mbale yodzaza, n'kumupititsira. Wogula wina anali ataima kale pamalo panga akundidikira, choncho tinatsanzikana mwachangu, aliyense n'kubwerera ku malonda ake.